Thabwa limene linatiimitsa masiku anayi ku Moatize

Achimwene, ndi anzanga nonse amene tinaphunzira limodzi zamagetsi, mwakhala mukufunsa kuti kuno ku Tete ndikugwira yotani. Ndinadutsa pa Zobue ndi mtima wokalowa kumigodi ya malasha, koma kumeneko sizinatheke. Ndinapeza malo pafakitale ina yolongedza katundu m'matumba cha ku Moatize kuno. Ndi anyamata a ku Angónia timacheza ngati tili pa Dedza. Chinyungwe ndikuchimvako pang'onopang'ono, chondizunza ndi Chipwitikizi cha m'mabuku a makina.

Makina athu ali ndi tcheni chonyamula matumba. Chimayenda pang'ono, n'kuima kuti thumba lidzaze, n'kuyendanso. Chimakokedwa ndi mota ya servo, ndipo kumbuyo kwa motayo kuli encoder yomwe imauza drive, kabokosi kolamulira magetsi opita ku motayo, pamene shafti yafika. Drive ikaona kuti shafti yatsalira, imawonjezera magetsi, mota n'kukoka kwambiri, chifukwa pa mota zimenezi ma amp akakwera mphamvu yopotokola imakweranso chimodzimodzi.

Mu Okutobala, dzuwa la kuno likuwotcha ngati mbaula, thabwa la paleti linagwera pakati pa tcheni ndi sproketi, gudumu la mano lokoka tchenicho. Mota wamba ikanalira mpaka chotetezera chake, overload, n'kuidula. Iyi inangoumirira. Malire a magetsi mu drive anali momwe inachokera kwa oipanga, 300 peresenti ya magetsi amene motayo inapangidwira, ndiye mphamvu imeneyo giyabokosi n'kuichulukitsanso ka 20. Tinangomva kuti phwa! Kiyi, kachitsulo kogwira sproketi pa shafti, anadukiratu, mano awiri a sproketi anali pansi, tcheni chitapindika ngati chingwe cha mbuzi. Drive yokha inali bwinobwino, kanyali kake kobiriwira kakuyaka ngati palibe chachitika. Tinakhala masiku anayi kudikira zitsulo kuchokera ku Johannesburg, ndipo aganyu olipidwa patsiku anabwerera chimanjamanja.

Pali mdala wina amene tonse timangomutchula kuti Mestre. Ndinamufunsa kuti, "Bambo, nanga drive sinazime bwanji?" Anaseka. "Mwanawe, iyo imasamala mota yake. Tcheni chako sichidziwa." Ndinaona kuti akunena zoona: mota imapirira magetsi ochuluka kwa masekondi angapo isanatenthe, koma kiyi amaduka nthawi yomweyo.

Titamanga zonse anandipatsa laputopu kuti ndiike malire ndekha. Ine chifukwa cha mantha ndinalemba 100 peresenti. Tcheni chopanda katundu chinayenda bwino, koma matumba atangodzaza chinkalephera kunyamuka, alamu kulira kosalekeza, abwana akundiyang'ana ndi diso lofiira. Mestre anandisiya ndituluke thukuta kaye, kenako anati tiyambe tayeza. Tinayang'ana pa sikirini tcheni chitasenza mokwana: poyenda chimadya pafupifupi 60 peresenti, ponyamuka chimafika 130. Tinatalikitsako nthawi yonyamukira kuti chisamachite kudzidzimuka, chiwerengerocho chinatsika, malire n'kuwaika pa 140. Tinachepetsanso mtunda umene shafti ingatsalire drive isanazime, chifukwa malire okha sakwanira. Mota ikhoza kumangokankha thabwalo mpaka kalekale.

China, kwa inu amene mukufuna kubwera: fumbi la kuno si lamasewera. Limatseka mafani a m'kabati mokhala drive, drive n'kumazima chifukwa cha kutentha, wina osadziwa n'kuthamangira kukweza malire poganiza kuti mota yafooka. Ine ndimapemerera mafyuluta Lolemba lililonse.

Poyesa malire atsopano aja, Mestre anachotsa anthu onse pafupi, makina atazimitsidwa n'kulowetsa dala thabwa lina pamalo omwe aja. Titayatsa, tcheni chinagunda, chinanjenjemera pang'ono, drive n'kuzima. Pathabwapo panangotsala kachipsera ka dzino limodzi. Manambala aja ndinawalemba ndi cholembera cha maka mkati mwa chitseko cha kabati, m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka ndi m'Chichewa.