Usiku umodzi kuphiri: Chimanimani kapena Nyanga kwa wochokera ku Harare

Kwa munthu wokhala ku Harare amene akufuna kubereka chikwama, kukagona usiku umodzi kutali ndi midzi, n'kubwerera njira yosiyana ndi imene anakwerera, malo oyenera kuwaganizira ndi awiri: mapiri a Chimanimani ndi paki ya Nyanga. Onsewa ali kum'mawa kwa Zimbabwe, m'malire ndi Mozambique, ndipo amayang'aniridwa ndi a ZimParks, bungwe la boma losamalira mapaki. Ife tikuti ulendo wozungulira wa usiku umodzi umakoma ku Chimanimani. Koma si pa chilichonse pamene Chimanimani ikupambana, ndipo alipo anthu amene tingawauze kuti ayambe apita ku Nyanga.

Tiyambe ndi msewu, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa asanaponde n'komwe phiri. Ku Nyanga mumatsata msewu wa ku Mutare mpaka pa Rusape, makilomita pafupifupi 170, n'kukhotera kumanzere kudzera ku Juliasdale. Ulendo wonse ndi wa makilomita pafupifupi 270, maola anayi pa galimoto. Ku Chimanimani mumafika kaye ku Mutare, makilomita 263, kenako ena pafupifupi 150 kulowera kum'mwera kudzera pa Wengezi, msewu wokhotakhota wosalola kuthamanga. Mukafika pa tauni ya Chimanimani pamatsalabe makilomita osakwana 20, mbali ina yafumbi, kuti mukafike pa Mutekeswane pomwe pali ofesi ya paki. Ndiye kuti tsiku lathunthu lathera pa msewu. Usiku umodzi wa kuphiri ku Chimanimani umadya masiku anayi: lopita, lokwera, lotsika ndi lobwerera. Kutsika phiri Lamulungu madzulo n'kugwira chiwongolero maola asanu ndi limodzi mumdima kuti mukapezeke pa ntchito Lolemba ndi ngozi yoposa phirilo. N'chifukwa chake holide ya Heroes, Lolemba ndi Lachiwiri la sabata yachiwiri ya Ogasiti, kapena ya Isitala, ndi imene imayenerana ndi ulendowu. Amene ali ndi Loweruka ndi Lamulungu lokha apite ku Nyanga.

Kwa opanda galimoto zinthu zimatembenuka. Basi ya ku Mutare simuisowa, ndipo pa Sakubva, pokwerera mabasi ku Mutare, mumapeza zopita ku Chimanimani. Chotsala n'kugwirizana ndi mwini galimoto wa pa tauni kuti akakutuleni pa Mutekeswane ndi kudzakutengani. Mugwirizane tsiku ndi ola musanakwere, chifukwa pamwamba netiweki ndi yosadalirika. Ku Nyanga basi imakusiyani pa msewu waukulu, koma poyambira njira za kuphiri pali kutali mkati mwa paki, moti tsiku likhoza kutha mukuyenda mu msewu wa galimoto.

Ubwino waukulu wa ku Chimanimani ndi woti njira yozungulira ilipo kale, simuchita kuipeka. Kuchokera pa Mutekeswane, njira ya Bailey's Folly imakwera molunjika m'miyala mpaka pamwamba, n'kukufikitsani pa nyumba ya paphiri yoyang'ana chigwa cha mtsinje wa Bundi. Wozolowera amatenga maola awiri kapena atatu atabereka katundu. Gulu lokhala ndi oyamba kumene liwerengere anayi. Njira ya Banana Grove ili chakum'mwera. Ndi yaitali, koma chitunda chake n'chofatsa, ndipo dzinali linachokera ku zomera zamasamba ngati a nthochi zomwe zili m'khwawamo. Njira ziwirizi mukaziphatikiza ndi chigwa cha Bundi, ulendo wozungulira wakwana.

Anthu amatsutsana pa nkhani yoti ayambire iti. Ena amati kwerani yofatsa pamene chikwama chili cholemera, mudzatsike yachidule mawa. Ife sitigwirizana nazo. Chakudya cha usiku umodzi chimene mungadye sichipepuza chikwama kuposa kilogalamu imodzi, choncho kulemera kwa tsiku loyamba ndi lachiwiri n'kofanana. Chimene chimasiyana ndi miyendo. Pa malo otsetsereka kwambiri munthu amagwa kawirikawiri potsika kuposa pokwera, chifukwa katundu amamukankhira kutsogolo, maondo atatopa kale, ndipo mwala wonyowa ndi mame a m'mawa umaterera. Kwerani Bailey's Folly m'mawa muli ndi mphamvu, mufike masana, mupeze nthawi yosamba m'maiwe a Bundi ndi yokonza pogona kusanade. Mawa lake nyamukani isanakwane 7 koloko ndipo Banana Grove muipatse theka la tsiku kapena kuposerapo. Pamene njira imachoka m'chigwa kuloza kumadzulo ndi pamene anthu amasokonezeka, poti tinjira ta nyama ndi ta anthu ofuna golide timafanana ndi njira yeniyeni. Safunsa anadya phula: pa ofesi pemphani kuti akulozereni mphambanoyo pa mapu, kapena tengani wolondolera njira wa kumeneko.

Nsonga ya Binga, yotalika mamita 2,436, yomwe ili pa malire penipeni ndipo ndiyo yaitali kwambiri m'dziko la Mozambique, musaiike mu ulendo wa usiku umodzi. Kupita ndi kubwera kuchokera pa nyumba ija kumafuna tsiku lakelake. Mukaifuna, onjezerani usiku wachiwiri.

Pogona pali njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Nyumba ya paphiri imakutetezani ku mphepo ndi mvula, koma amene munakwerapo Mulanje musayembekezere zija za pa Chambe kapena Lichenya, zoti mlonda wakutungirani madzi ndi kukusonkherani moto. Nyamulani zonse ngati mukukagona panja. Mapanga, monga Digby's, Peter's House, North Cave ndi Red Wall, ndiwo amakometsa Chimanimani. Ambiri ndi matanthwe otchinga pamwamba, kutsogolo kuli pululu. Amakupulumutsani ku makilogalamu awiri kapena atatu a tenti, koma nthawi ya holide mukhoza kupeza ena atafika kale, dzuwa likulowa. Tenti ndi yolemera koma simupikisana ndi munthu. Kwa anthu awiri kapena atatu m'chilimwe, phanga ndi kalona kopepuka kosungira ngozi n'zokwanira. Kulikonse kumene mungagone, kamatiresi kopyapyala koyala pansi n'kofunika mofanana ndi thumba logonamo, chifukwa kuzizira kwambiri kumalowera pansi, pomwe thupi lapsinja zofunda. Bulangete la kunyumba ndi lolemera, ndipo likanyowa siliumanso.

Ku Nyanga nkhani ndi ina. Phiri la Nyangani, lotalika mamita 2,592, ndilo lalitali m'Zimbabwe monse, koma njira yake yodziwika imayambira pa malo oimika galimoto omwe ali kale pamwamba, ndipo mumakwera ndi kutsika njira yomweyo m'maola atatu kapena anayi. Umenewo ndi ulendo wa masana, osati wokagona. Pamwamba pake ndi potambalala, pali madambo ndi miyala yofanana, ndipo chifunga chimatha kutseka m'mphindi zochepa. Anthu asowapo pa phiri limeneli osapezekanso, ndipo eni dera amalilemekeza ngati malo a mizimu. Kwerani ndi wolondolera njira, ndipo zimene akuuzani kuti sizichitika kumeneko muzimvere.

Komabe ngati chimene mtima wanu ukufuna ndi nkhalango yeniyeni, ya mitengo italiitali yokutidwa ndi ndere, Nyanga ikuposa. Chimanimani kwenikweni ndi miyala yoyera, udzu ndi timitengo tamaluwa, nkhalango ili m'makwawa mokha. Ku Nyanga, mbali ya kum'mawa yoyang'ana chigwa cha Honde, kumene mphepo ya kunyanja imatula chinyezi, kuli nkhalango yowirira, phompho la mtsinje wa Pungwe, ndi mathithi a Mutarazi omwe amagwa mamita oposa 700. Njira ya Turaco, yoyendetsedwa ndi kampani ya Far and Wide, imadutsa m'dera limeneli, koma inakonzedwera masiku angapo ndipo imafuna kulembetsa pasadakhale. Kudzipangira nokha njira yozungulira m'nkhalango imeneyo sitikulimbikitsa: mkati mwake simuona patali, zigwa zake n'zakuya, ndipo makilomita awiri a pa mapu akhoza kukudyerani maola atatu. Chomwe Nyanga imachita bwino n'kuphunzitsa. Gonani pa malo a matenti a paki, yesani mbaula, nsapato ndi thumba logonamo galimoto ili pafupi, muone chimene chikukuvutani musanapite kumene kulibe pothawira. Amene sanagonepo panja m'nyengo yozizira ayambire pamenepa.

Ena amatchula mapiri a Vumba, pafupi ndi Mutare, ndi nkhalango ya Chirinda ya ku Mount Selinda, kumene kuli mtengo waukulu wa mbawa uja wotchedwa Big Tree. Ndi malo okongola, koma njira zake n'zazifupi, zoyenda masana n'kubwerera.

Nyengo ndi yofanana ku mapiri onse awiri. Kuyambira Novembala mpaka Malichi kuli mvula, ziphaliwali, ndi mitsinje yodzaza mwadzidzidzi. Mtsinje umene munawoloka madzi ali m'akakolo dzulo ukhoza kukutsekerani njira lero. Epulo ndi Meyi ndi miyezi yabwino koposa: madzi ali paliponse, udzu ukadali wobiriwira. Juni ndi Julayi kumagwa chisanu usiku, ndipo dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, choncho pofika 4 koloko mukhale mutafika pogona. Ogasiti mpaka Okutobala n'kouma, kwamphepo, ndipo moto wolusa suchedwa. Chimene anzathu a Chishona amati guti ndi chiperoni chathu chomwe chija: mitambo yotsika ndi mvula yowaza yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene imatha kukhala masiku awiri kapena atatu ngakhale pakati pa chilimwe. Imapha si mvula yambiri koma kunyowa pamodzi ndi mphepo. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa zimachotsa kutentha m'thupi, ndiye valani za ubweya kapena za nayiloni, jekete yosalowa madzi ikhale pamwamba m'chikwama, ndipo zovala zogonera muzimange m'pulasitiki. Chifunga chikakupezani osaona chizindikiro chotsatira cha njira, imani, valani zonse, khalani pamodzi, dikirani. Ambiri amasochera chifukwa chopitiriza kuyenda.

Chikwama chisapose gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lanu. Wa makilogalamu 70 asapitirire 14. Madzi nyamulani malita awiri, muziwonjezera m'njira, pa tsiku mumwe atatu kapena anayi. Pa kuyeretsa madzi, kuwiritsa n'kodalirika koma kumadya gasi: abwadamuke mphindi imodzi, kapena zitatu mukapitirira mamita 2,000. Mapiritsi a klorini ndi opepuka, koma dikirani mphindi 30 musanamwe, ndipo m'madzi amatope sagwira bwino ntchito. Ku Chimanimani kuli vuto lina: makorokoza, anthu okumba golide. Mukaona mtsinje wofiirira kapena maenje m'mbali mwake musatungepo, chifukwa mankhwala a mekyule omwe ena amatsukira golide sachoka ndi kuwiritsa kapena klorini. Tungani m'timifuleni totsika m'mbali mwa phiri. Mukakumana nawo anthuwa perekani moni mwaulemu, musawajambule, pitirirani.

Kuphika pa gasi kukuposa nkhuni kutali. Kabotolo ka magalamu 230 kamakwanira anthu atatu usiku umodzi n'kutsalako, pomwe nkhuni pamwamba n'zosowa, ndipo mitengo yochepa imene ilipo, kuphatikizapo wachibale wa mkungudza wa ku Mulanje, imakula pang'onopang'ono. Tikudziwa kuti kwa ambiri a ife kugona osadya nsima kuli ngati kugona ndi njala, koma nsima imafuna mphika waukulu, moto wautali ndi madzi otsukira. Mpunga, magalamu 100 mpaka 120 pa munthu, ndi matemba okazingiratu kunyumba, zimachita bwino. M'mawa phala la oats lothira chiponde ndi tiyi. M'njira mtedza, maputi (chimanga chokazinga) ndi nyama youma. Chakudya musachisiye poyera mukamapita kukasamba, anyani sachedwa. Mphiri imakonda kuwothera dzuwa m'njira ndipo sithawa, choncho yang'anani popondapo ndi pogwira. Madzulo fufuzani nkhupakupa m'miyendo ndi m'chiuno.

Zinthu ziwiri za ku Chimanimani zokha. Namondwe wa Idai wa mu Malichi 2019 anagumula mapiri ndi kusintha makwawa ena, moti malongosoledwe a njira olembedwa chisanafike chaka chimenecho musawakhulupirire kwathunthu. Ndipo m'madera ena a malire a kum'mawa munakwiriridwa mabomba nthawi ya nkhondo ya m'ma 1970, choncho pafupi ndi malire musachoke m'njira yopondedwa, komanso musatsikire mbali ya Mozambique pa mpata wa pakati pa mapiri wotchedwa Skeleton Pass. Kumeneko n'kulowa m'dziko la eni popanda chilolezo.

Pa ofesi ya paki, kaya ku Mutekeswane kaya ku Nyanga, malipiro amasiyana pakati pa okhala m'dziko muno, ochokera m'maiko a SADC ndi ochokera kutali. Nyamulani chitupa kapena chikalata chokhalira m'dziko, ndipo mlendo wochokera kumudzi atenge pasipoti yake ya Malawi. Ndalama zikhale m'manja, madola ang'onoang'ono, poti makina ndi netiweki zimatha kukana. Lembetsani maina onse, njira yokwerera, pogona, njira yotsikira ndi ola lobwerera, ndipo mukatsika kauzeni kuti mwatuluka, kuti alonda asakafune anthu omwe ali kale pa basi. Zomwezo musiyire munthu mmodzi ku Harare, pamodzi ndi nambala ya ofesi ya paki ndi ola loti aimbe ngati simunamveke. Mapu muwakopere mu foni mukadali m'tauni, foniyo muitseke netiweki kuti batire isathe, ndipo usiku muigoneke m'thumba logonamo, chifukwa kuzizira kumamaliza batire msanga.