Ndemanga ya XnConvert kuchokera kwa wojambula zithunzi za maukwati ku Johannesburg

Ntchito yanga yojambula zithunzi imachokera kwambiri kwa Amalawi anzanga okhala ku Rosettenville, Turffontein ndi Yeoville, makamaka pa zinkhoswe, maukwati ndi misonkhano ya mipingo. Pa ukwati umodzi ndimabwera ndi zithunzi zoposa 1,000, ndipo chilichonse chimayenera kuchepetsedwa, kuikidwa chizindikiro changa pakona, kenako kusandutsidwa JPEG kuti eni ake azitumizira abale kumudzi pa WhatsApp. Kuchita zimenezi chithunzi chimodzichimodzi kungatenge sabata yonse, n'chifukwa chake timadalira mapulogalamu okonza zithunzi zambiri nthawi imodzi, ntchito imene anzathu amati batch processing.

Pulogalamu imene ndinkagwiritsa ntchito kale inali ndi chizolowezi choima pakati pa ntchito popanda kunena chifukwa. Usiku wina ndinaisiya ikugwira ntchito n'kukagona, koma kutacha ndinapeza kuti yaima pa chithunzi cha 312, apo n'kuti mayi a mkwatibwi atandiimbira kale kawiri kufunsa kuti, "Bambo, zithunzi zija zafika pati?" Ndinalibe choyankha. Sabata yomweyo ndinaika XnConvert, ndipo tsopano patha miyezi isanu ndi itatu ndikuigwiritsa ntchito.

Chimene chandikhutiritsa koposa zonse ndi gawo lake lotchedwa Status, limene limalemba chithunzi chilichonse chimene chadutsa ndiponso kuonetsa chimene chakanika, pamene zithunzi zina zikupitiriza kukonzedwa. Nditaika zithunzi za ukwati uja mwa iyo, m'pamene ndinazindikira kuti zolakwa zambiri zinali za ine mwini. Zithunzi zitatu zinali zoonongeka chifukwa ndinazula khadi la kamera kompyuta isanamalize kukopera. Zina zinali za mtundu wa HEIC, umene mafoni a iPhone akhala akugwiritsa ntchito kuyambira 2017, zomwe woperekeza mkwati ananditumizira ndipo ine ndinangozisakaniza ndi zanga. Zimenezi XnConvert inaziwerenga bwinobwino, pakuti imadziwa mitundu ya zithunzi yoposa 500.

Vuto lina linali lochititsa manyazi pang'ono. Ndinkakonda kupatsa mafoda mayina ataliatali, okhala ndi mayina a akwati, mpingo, holo ndi tsiku, foda mkati mwa foda inzake, osadziwa kuti mapulogalamu ambiri a pa Windows amalephera dzina lonse la njira yofikira pa fayilo likadutsa zilembo 260. Masiku ano ndimangolemba tsiku ndi dzina limodzi basi.

Nkhani ya magetsi ndiyenera kuifotokoza mwatsatanetsatane, chifukwa aliyense amene anakhala kuno mu 2023 akudziwa mmene load shedding, kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana m'madera, inkasokonezera ntchito, ndipo ngakhale lero magetsi amatha kuzima mwadzidzidzi m'dera lathu. Kompyuta yanga ndi yapatebulo, yopanda batire. Pa gawo la Output pali posankha chimene pulogalamu ichite ikapeza kuti chithunzi chotuluka chilipo kale, ndipo mukasankha Skip imadumpha zonse zimene inamaliza n'kupitiriza ndi zotsala. Koma chenjerani apa: chithunzi chimene chinali kulembedwa pa nthawi imene magetsi anazima chimatsala chatheka, mbali yam'munsi ili yotuwa, ndipo nachonso chingadumphidwe ngati chabwino. Choncho musanayambitsenso ntchito, tsegulani zithunzi zingapo zomalizira ndi kufufuta zoonongekazo. Pomwepo palinso kabokosi kofufuta zithunzi zoyambirira ntchito ikatha, ndipo ine kameneko sindikakhudza n'komwe.

Makaka a zithunzi nawo anandipusitsapo. Kamera yanga ndinaitchera pa Adobe RGB, imodzi mwa njira zosungira makaka m'chithunzi, ndiye zitenje za amayi a mpingo amene anavala zofiira zowala pa ukwati wina zinkaoneka zofwifwa pa mafoni. Nditawonjezera sitepe yosandutsa makaka kukhala sRGB, njira imene mafoni amaonetsa bwino, pa gawo la Actions losankhira zochita pa zithunzi, vutolo linatha, ndipo masitepe onsewo ndinawasunga kuti ndisamawakonzenso pa ukwati uliwonse.

Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Maonekedwe ake ndi achikale ndipo mndandanda wa zochita ndi wautali, moti munthu woyamba kumene angasokonezeke tsiku loyamba. Komanso si pulogalamu yokonzera kuwala kwa zithunzi za RAW (zosakonzedwa, monga zachokera mu kamera) mwaluso, choncho zimenezo ndimayamba ndazikonza kwina ndisanazibweretse kuno. Imagwira pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo ndi yaulere kwa wogwiritsa ntchito payekha kapena pa maphunziro, koma ife amene timadyerapo tiyenera kugula layisensi, zimene ine ndinachita nditalandira malipiro a ukwati wachiwiri.