Ananditumizira chimbale cholakwika cha Sophie Hunger, nditadandaula anandiyankha mwamwano

Nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo ndi za woimbayu. Sitoloyi payokha sindingaipatse ngakhale imodzi.

Ndinaitanitsa chimbale cha galamafoni cha Sophie Hunger chotchedwa 1983, chija chinatuluka mu 2010. Ndinalipira mapaundi 27 pamodzi ndi ya positi, ndipo nonse amene mumagula zimbale kuno ku Britain mukudziwa kuti ndalama imeneyi siitoledwa pansi. Phukusi litafika, m'katimo ndinapezamo Halluzinationen, cha mu 2020. Zimbale ziwirizi sizifanana ngakhale pang'ono. Pachikuto cha 1983 mayiyu wapinda zala ngati mfuti, dzanja lina laloza pamutu pake, lina laloza iwe woyang'anawe. Munthu wogulitsa zimbale tsiku ndi tsiku angasokoneze bwanji chimenechi?

Ndinaimba foni. Mnyamata amene anayankha anayamba ndi kundifunsa ngati ndawerenga bwino lisiti langa. Ndinamuwerengera nambala ya oda, iye n'kunena kuti woimba ndi yemweyo, ndiye vuto lili pati. Abale, mtima unandipweteka. Ndinaugwira, n'kumufotokozera modekha chifukwa chimene ndinkafunira chimbale chimenecho osati china: chinafika pa nambala 1 kwawo ku Switzerland, ndipo chaka chomwecho mayiyu anakhala woimba woyamba wa dzikolo kukwera pansanja ya chikondwerero cha nyimbo cha Glastonbury. Mulinso nyimbo ya Chifalansa ya gulu la Noir Désir, Le vent nous portera, imene iye anaiimbanso mwa njira yakeyake, ndipo ndinkafuna kuimva pa galamafoni osati pa foni. Sanandilole n'komwe kumaliza. Anandidula pakamwa, nati ndibweze phukusilo ndi ndalama zanga, akaliona ndiye aganiza chochita. Kumbuyo kwake ndinkamva anzake akuseka. Ndisanafunse dzina la bwana wake, foni anali atadula kale. Makalata amene ndinalemba pa imelo pambuyo pake sanayankhidwe mpaka lero.

Nditaona kuti palibe chimene chichitike, ndinang'amba pulasitiki n'kuchiika pa galamafoni, mkwiyo udakalipo. Zimene ndinamva zinanditsitsa mtima.

Halluzinationen anachijambula ku situdiyo ya Abbey Road mu London, ndi katswiri wojambula nyimbo Dan Carey, ndipo gulu lonse linkaimba nyimbozo pamodzi motsatizana, osati aliyense payekha kenako n'kulumikiza pa kompyuta. Zimamveka ndithu. Ng'oma ndi piyano zimayenderana ngati anthu opalasa bwato limodzi, wina akafulumira mnzake amamutsatira pomwepo. Mawu a mayiyu amayamba monong'ona, pafupi kwambiri moti umamva akukoka mpweya, kenako amakwera mwamphamvu osasweka. Nyimbo ina ili m'Chingelezi, yotsatira m'Chijeremani, koma khutu silidodoma. Ine Chijeremani sindimva, komabe nyimbo za m'chinenerocho ndi zimene ndimabwereza kwambiri.

Kusinthasintha zinenero kumeneku anakula nako. Anabadwira ku Bern mu 1983, bambo ake ankagwira ntchito ya ukazembe, choncho ubwana wake unagawika pakati pa Bern, London, Bonn ndi Zürich. Chimbale chake choyamba, Sketches on Sea, anachijambula yekha kunyumba mu 2006, kenako Monday's Ghost cha mu 2008 chinamutchukitsa. Pofika 2016 dziko lake linamupatsa mphoto yaikulu ya nyimbo, Grand Prix, ndipo chaka chomwecho nyimbo zake zinamveka mu filimu ya zidole ya Ma vie de Courgette. Munthu wotereyu ndi amene mnyamata uja ankanena ngati zimbale zake zonse ndi chimodzimodzi.

Komatu okonda jazi mudziwiretu: lipenga lija linkakometsa zimbale zake zoyambirira simulimva chimodzimodzi muno. Atasamukira ku Berlin anayamba kukonda zoimbira zamagetsi, makamaka kuyambira pa Molecules cha mu 2018, ndipo Halluzinationen chapendekera mbali imeneyo. Pali nyimbo imodzi kapena ziwiri zimene kwa ine makinawo achuluka mpaka kuphimba mawu. Amene mukufuna kuyamba kumumvera mayiyu, yambani ndi zakale zija. Ichi chibwere pambuyo.

Chilungamo chake, phukusilo analimanga bwino, ndi makatoni olimba mbali zonse, ndipo chimbalecho n'chosapindika, singano imayenda popanda kuthetheka. Amene amalongedza katundu pasitolopo amaidziwa ntchito yomanga, chimene sadziwa ndi kuwerenga oda.

Chimbalechi ndachisunga, sindibweza, ndipo ndimachikonda. Koma 1983 ndikuchifunabe, ndipo ndikachigula kwina ngakhale mtengo ukhale wokwererapo. Inu eni sitolo, ngati mumawerenga ndemangazi, mnyamata wanu wa pafoni uja mukhale naye pansi. Kulakwitsa oda ndikanakhululuka tsiku lomwelo mukanangonena kuti pepani. Kusekedwa ndi anthu amene ndawapatsa ndalama zanga ndi kumene kwandichotsa pasitolo panu.