Mlatho ukagwa kwa eni, thiraki imene imaima ndi yathu

Abale anga akumudzi, moni kuchokera kuno ku Beira. Chaka chilichonse mvula ikayandikira mumandifunsa funso lomwelo: bwanji osangobwerako, poti kumeneko ndi kwa anamondwe? Amalume anafika mpaka ponena kuti ndalama za meticais zandilodza. Lero ndati ndiyankhe onse pamodzi, ndipo mundipirire chifukwa nkhani yake ndi yayitali.

Ndinafika kuno mu 2013. Ntchito yanga ndi yothamanga ndi mapepala a katundu wotuluka padoko kupita kwathu: feteleza, tirigu, makontena a katundu wa m'masitolo. Tsiku lonse ndimakhala ndi madalaivala a kwathu, ena a ku Ndirande, ena a ku Dedza. Pokhala ndi iwowa ndaona kuti njira ya thumba la feteleza limene mumathira m'munda ku Ntcheu imayambira kuno, kudutsa msewu wa EN6, kukwera ku Tete, kukalowa pa Zóbuè ndi Mwanza kapena pa Dedza. Pakaduka pamodzi pokha m'njira imeneyi, thumbalo limakupezani chimanga chitachita kale chikasu.

Usiku wa pa 14 Malichi 2019 sindidzauiwala. Wailesi inali itachenjeza kwa masiku angapo kuti namondwe Idai akubwera, ndipo ku Munhava kumene ndinkakhala anthu ankakweza matumba a mchenga ndi matayala akale pamadenga. Ine ndinkaona ngati akukokomeza. Pofika pakati pa usiku malata ankauluka ngati mapepala, ndipo ine ndi anzanga awiri tinakhala pansi pa tebulo mpaka mbandakucha. Kutacha kunalibe magetsi, kunalibe netiweki, mitengo ikuluikulu itagona m'misewu. Patapita masiku ochepa madzi anadula EN6 cha ku Nhamatanda, mzinda wonse n'kusanduka chilumba. Madalaivala athu anagona m'mathiraki masiku ambiri, akuphika nsima pambali pa matayala. Mayi anga ku Nsanje anatha pafupifupi sabata osadziwa ngati ndili moyo.

Chimene ambiri kwathu sanachimvetse ndi chakuti mvula imene inamiza Nsanje ndi Chikwawa kumayambiriro kwa mwezi womwewo inali ya namondwe yemweyo asanakule. Anadutsa kwathu, anabwerera kunyanja yamchere, anakatenga mphamvu, n'kubwera kudzagwetsa Beira. Atachoka kuno anakakhuthula mvula m'mapiri a Chimanimani ku Zimbabwe, ndipo madzi a kumapiri a m'malirewo anatsika ndi mitsinje ya Búzi ndi Púnguè kudzamiza anthu a kuno kachiwiri. M'maiko atatuwa anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Amene anawatsitsa m'mitengo ndi pamadenga ku Búzi, ambiri anatengedwa ndi mahelikopita a ku South Africa ndi maboti a asilikali a pamadzi a ku India. Kwathunso, m'misasa ya ku Nsanje munali anthu a ku Mozambique amene anathawira tsidya lathu chifukwa ndiko kunali kouma pafupi. Amalankhula Chisena chomwechi, ena ndi azibale athu enieni, ndipo palibe anafunsa pasipoti munthu ali ndi mwana kumsana ndi madzi m'chiuno.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinaona kuno chimene ndimalakalaka akuluakulu a mizinda yathu atabwera kudzaona ndi maso. Idai asanafike, mzinda wa Beira, pa nthawi ya meya Daviz Simango amene anatisiya mu 2021, unali utakonza ngalande zikuluzikulu ndi kutsegula mtsinje wa Chiveve umene unali utatsekeka ndi zinyalala. Kumene ngalandezo zinafika madzi anaphwa msanga. Kumene sizinafike, ngati mbali zina za kwathu ku Munhava, tinaponda matope kwa masabata, kolera n'kutsatira.

Ndiye kunabwera namondwe Ana mu Januwale 2022. Inu mumamukumbukira chifukwa cha mdima: madzi a Shire anaphwasula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi anavuta kupitirira chaka. Ine ndimamukumbukira chifukwa cha mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa Tete ndi Moatize, umene unaduka masiku omwewo. Foni yanga sinapume. Eni katundu ku Limbe ankandikalipira ngati ndine ndagwetsa mlathowo. Mwayi unali woti pali mlatho wina wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014, ndipo magalimoto olemera ankatha kudzera kumeneko. Ukanakhala kuti palibe, sindikudziwa kuti mukanagula bwanji mafuta mwezi umenewo. Mlatho umenewo sunamangidwe ndi msonkho wathu, ambiri mwa inu simunauonepo, koma unatidyetsa.

Za magetsi zimandipweteka mwapadera. Maiko a kuno kumwera anakhazikitsa mgwirizano wogulitsana magetsi, Southern African Power Pool, mu 1995. Malawi ndi membala, koma pamene Kapichira ankagwa tinalibe waya wotilumikiza ndi anzathu. Damu la Cahora Bassa lili pafupi ndi ife kuposa mmene lilili ndi Maputo, magetsi ake amapita mpaka ku South Africa, ife tikuyatsa makandulo. Nkhani yokoka nthambo kuchokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kufika ku Phombeya ku Balaka, mtunda wa makilomita 218, inakambidwa zaka zambirimbiri, nthawi ina n'kuimitsidwa poti ndi yodula. Mwambo woyambitsa ntchitoyo ku Phombeya unachitika mu 2022, a Chakwera ndi a Nyusi ali pomwepo, miyezi yochepa Ana atatiphunzitsa mtengo wa kukhala tokha. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, ndiye namondwe mmodzi amatha kuzimitsa dziko lonse.

Namondwe Freddy ndiye anandisiya ndi chilonda. Kuno tinamutsatira kwa masabata, chifukwa akatswiri a zanyengo a ku chilumba cha La Réunion, amene amayang'anira anamondwe a mbali ino ya nyanja ya Indian, ankatulutsa mapu a njira yake, ndipo anzathu a padoko ankatitumizira pafoni. Analowa cha ku Vilankulo pa 24 Febuluwale 2023, anabwerera m'nyanja, n'kudzalowanso cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Aliyense wodziwa mapu ankaona kuti kuchoka pa Quelimane akulunjika ku Mulanje ndi Blantyre. Ndinaimbira mphwanga amene ankachita lendi ku Chilobwe, ndinati tenga ana upite kwa apongozi ako. Anaseka. Anati: “Achimwene, ife tili paphiri, madzi atipeza bwanji? Zimenezo auzeni a ku Nsanje.” Chenjezo analimva pawailesi, si kuti silinafike. Koma kwa iye, ngati kwa ambiri a ife, chenjezo la mvula linkatanthauza madzi osefukira a kuchigwa. Palibe anaganiza za phiri la Soche kutsika ndi matope ndi miyala. Iye ndi ana anapulumuka, nyumba inapita, ndipo ena mwa anthu amene ankatunga nawo madzi pampopi umodzi sanapezeke mpaka lero. Ndimadzifunsa ngati ndikanalankhula mwanjira ina akanandimvera.

Masiku otsatira munaona nokha ndege ndi mahelikopita a ku Tanzania ndi Zambia akuthandiza kufika kumene misewu inaduka. Zimenezo ndi zabwino ndipo tiziyamika. Bungwe la SADC lilinso ndi likulu loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ku Nacala, limene linatsegulidwa mu 2021, ndipo maiko asanu ndi atatu a m'chigwa cha Zambezi ali ndi bungwe lawo la ZAMCOM loti azigawana nkhani za madzi. Ine sindine wa m'maofesi, sindinalowemo. Muyeso wanga ndi wophweka: kodi mvula ikagwa usiku paphiri la Mulanje, a mfumu a ku Makhanga ndi anzawo a tsidya lina la Ruo amva nthawi yanji, ndipo amva m'chilankhulo chanji? Uthenga wolembedwa m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, wofika pa kompyuta ya mu ofesi Lolemba m'mawa, sutulutsa gogo m'nyumba Loweruka usiku.

Ndipo tisamadzione ngati olandira tsoka lochokera kwa eni basi. Madzi a Ruo ndi Shire akachoka kwathu amakagwera anthu a ku Morrumbala ndi Mutarara. Mitengo imene tadula m'mapiri athu, matope ake amakatsikira m'minda yawo. Mnzanga wina wa ku Mutarara amandiseka kuti inu Amalawi mumatitumizira madzi popanda kalata. Nawonso akatsegula zitseko za Cahora Bassa, Zambezi amadzaza, Shire amasowa kokhuthulira, madzi n'kubwerera m'madimba a ku Nsanje. Aliyense ali kumtunda kwa mnzake penapake.

Nkhani imodzi yondisangalatsa ndi ya njanji. Agogo ankakamba za sitima yochokera ku Beira, yowoloka Zambezi pa mlatho wautali wa Dona Ana, n'kulowa kwathu pa Marka. Nkhondo ya kuno inaipha njira imeneyo, madzi osefukira n'kumalizitsa mbali yathu cha ku Chiromo. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta inafikanso pa Marka patatha zaka zoposa 40. Ndi chiyambi chabe, njanjiyo ikadali ndi ulendo kuti ikafike ku Limbe, ndipo ikudutsa m'dera lomwe limamira kawirikawiri, choncho ikamangidwa motsika ngati kale tidzaliranso. Koma kwa munthu wa ntchito yanga, njira iliyonse yowonjezera pa msewu wa ku Tete, njanji ya Nacala ndi msewu wa Dar es Salaam ndi tulo tabwino.

Pakadali pano chimene chimagwira ntchito mofulumira kuposa zonse ndi gulu lathu la pa WhatsApp la madalaivala ndi otsata mapepala. Wina akaona madzi akukwera pa mlatho amajambula, mphindi zochepa uthenga wafika ku Mwanza. Tayamba kulowetsamo anthu a m'makomiti a ngozi a m'midzi ya kwathu, ndipo mnzanga wa ku Mutarara uja amamasulira za m'Chipwitikizi kuika m'Chisena pa mawu ojambula, kuti ndi osawerenga omwe amve. Achimwene a ku Makhanga, nambala ya bambo aja amene amawerenga mulingo wa madzi pa Ruo munditumizire mvula isanayambe. Ndipo iwe mphwanga, ndamva kuti wapeza nyumba yotchipa m'munsi mwa phiri lomwe lija. Usasaine, ndiyimbire kaye Lamlungu.