Dongle ya HiLink, dongle wamba kapena MiFi: iti imamvana bwino ndi Linux?

Madongle awiri akhoza kufanana ngati mapasa, koma mukawalowetsa pa Ubuntu kapena Linux Mint imodzi n'kugwira pomwepo, inayo n'kukutuluza thukuta. Huawei E3372 ndi chitsanzo chabwino. Ilipo E3372h ndi E3372s, ndipo chilembo chomalizacho nthawi zambiri chimakuuzani mtundu wake, koma mufunse musanatulutse ndalama chifukwa chimene chimalamula kwenikweni ndi pulogalamu (firmware) yomwe ili mkati mwake.

E3372h nthawi zambiri imakhala ya HiLink. Imalumikizana yokha ndi netiweki, kompyuta n'kumangoiona ngati waya wa Ethernet. APN (dzina lolowera pa intaneti ya kampani ya simu), PIN ya simu khadi ndi ma SMS zonse zili pa 192.168.8.1 mu browser. Kwa amene akungofuna intaneti pa laputopu imodzi, iyi ndiyo yosavutitsa. Kuipa kwake n'koti imadziika pakati ngati rauta: ModemManager, pulogalamu ya Linux yoyendetsa mamodemu, saiona, ndipo ngati Wi-Fi ya pamalopo ikugwiritsanso ntchito manambala a 192.168.8, ziwirizo zimakanganirana adiresi.

E3372s, yomwe nthawi zambiri imakhala dongle wamba, imasiyira Linux ntchito yonse. Imaoneka ngati /dev/ttyUSB0 ndi zinzake, ndipo ModemManager ndi NetworkManager (pulogalamu yolumikiza kompyuta ku netiweki) ndizo zimaiyendetsa. Lembani mmcli -L mu terminal kuti muone ngati yadziwika, kenako nmcli connection add type gsm ifname "*" con-name dongle apn internet. APN mufunse kwa kampani ya simu yanu, ngakhale nthawi zambiri imakhala "internet". Phindu lake ndi mphamvu imene imakupatsani: mutha kuikakamiza kukhala pa 4G kapena 3G, komanso kutumiza USSD (manambala aja oyamba ndi * n'kuthera ndi #) ndi mmcli -m 0 --3gpp-ussd-initiate, zomwe zimathandiza pogula bando osachotsa simu. Chenjerani kuti USSD imadutsa pa 2G kapena 3G, choncho mukaitsekera pa 4G yokha nthawi zambiri siyankha.

Msampha wa madongle onse awiri ndi umodzi. Ikangolowa, dongle imayamba yadzionetsa ngati CD yokhala ndi madraiva a Windows. Pulogalamu ya usb_modeswitch ndiyo imaitembenuza kuti ikhale modemu. Mukalemba lsusb, lamulo loonetsa zipangizo za USB, E3372h yosatembenuka imaoneka 12d1:1f01; ikatembenuka imakhala 12d1:14dc kapena 14db. Ikakanirira pa 1f01, yesani sudo usb_modeswitch -v 12d1 -p 1f01 -J. Ubuntu ya pa desktop imabwera nayo kale pulogalamuyi, koma pa Debian yoikidwa mochepa ikhoza kusowa, ndipo kuti muitenge mufunika intaneti yomwe mukuisakayo. Apo gwirani kaye foni ya Android ndi waya, yatsani USB tethering, muike usb-modeswitch ndi modemmanager.

Vuto lina anthu amalinamizira Linux pomwe ndi la magetsi. Doko la USB 2.0 limapereka 500 mA basi, ndipo dongle ya 4G imakoka kwambiri kumene netiweki ili yofooka. Imaduka, n'kubwereranso ngati CD. Lamulo la dmesg, loonetsa mauthenga a Linux, limaonetsa "USB disconnect" mobwerezabwereza. Pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi zimenezi sizachilendo. Mankhwala ake ndi USB hub yokhala ndi magetsi akeake, ndi waya wamfupi.

MiFi, karauta ka m'thumba kolowa simu monga Huawei E5577, imazemba zonsezi. Ndi Wi-Fi wamba, palibe draiva, imanyamula zipangizo mpaka 10, ndipo mutha kuipachika pa zenera pomwe netiweki ikugwira inu muli pa tebulo. Magetsi akazima imapitiriza ndi batire yake. Ndi yokwera mtengo kuposa dongle, batire imafufuma ikamangokhala pa chaja usana ndi usiku, ndipo zambiri zogulidwa kwa makampani a mafoni zimakhala zokhomedwa ku simu yawo yokha.

Pali chinanso chomwe dongle wamba imaposera zinzakezo. NetworkManager imadziwa yokha kuti intaneti ya E3372s ndi yolipira pa megabaiti, pomwe HiLink ndi MiFi ikhoza kuziyesa waya kapena Wi-Fi ya mu ofesi, ma update n'kumaliza bando usiku umodzi. Itsekeni njira ndi nmcli connection modify "dzina-la-netiweki" connection.metered yes, ndipo pa Ubuntu onjezani sudo snap set system refresh.metered=hold.