Adobe CS6 pa kompyuta ya kaunjika: mmene yakhalira itagwira ntchito chaka chathunthu

Nditangomaliza kuikonza kompyuta iyi chaka chatha, ndinalemba kuti Adobe CS6, gulu la mapulogalamu ojambulira ndi kukonzera zosindikiza, ikuyenda bwino pa desktop ya kaunjika ya Core i5 ya m'badwo wachinayi, ndipo sindinkaona chifukwa choyambira kulipira Creative Cloud, mapulogalamu atsopano a Adobe, mwezi ndi mwezi. Ena munandipempha kuti ndidzanenenso ikagwira ntchito nthawi yaitali. Tsopano yadutsa nyengo ya maukwati, kutentha kwa Okutobala ndi dzinja lomwe, ndipo maganizo aja sanasinthe kwenikweni. Chatsopano n'chakuti ndadziwa kumene mavuto amachokera. Photoshop, Illustrator ndi InDesign pazokha sizinandivutitsepo. Zovuta zimachokera ku zinthu zozizungulira: mafayilo amene anthu amanditumizira, ma font, magetsi ndi Windows.

Ntchito yanga ndi makhadi a ukwati, timabuku ta mwambo wa maliro, mapositala a misonkhano ya tchalitchi ndi makalendala kumapeto kwa chaka. Ndili ndi CS6 Design Standard ya m'bokosi, yokhala ndi serial number yake. CS6 inatuluka mu 2012, ndipo inali yomaliza imene munthu unkagula kamodzi n'kukhala yako. Mu 2013 Adobe inalengeza kuti zatsopano zonse zizikhala zolipira pamwezi, ndipo mu 2017 inasiyiratu kugulitsa CS6. Kwa munthu amene amalandira makwacha koma akuyenera kulipira madola mwezi uliwonse, nkhani imeneyi si yaing'ono. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anzanga ena amene ankalipira anabwerera ku mapulogalamu akale.

Vuto lalikulu kuposa onse ndi zithunzi za m'mafoni. Kuyambira mu 2017, iPhone imasunga zithunzi mu mtundu wa HEIC, ndipo Photoshop CS6 saudziwa n'komwe mtundu umenewu. Chimodzimodzinso WebP, umene umabwera munthu akatenga chithunzi pa intaneti. Photoshop yatsopano inayamba kutsegula WebP payokha mu 2022, ndiye yakale musaiyembekezere. Tangoganizani: usiku, anamfedwa akufuna kabuku ka mwambo kakhale kali m'manja mawa m'mawa, chithunzi chokha cha malemu chimene banja lagwirizana chafika, koma sichikutseguka. Pa nthawi ngati imeneyo sungayambe kuwafotokozera anthu olira za mitundu ya mafayilo.

Njira imene yandithandiza ndi kuika GIMP, pulogalamu ina yokonzera zithunzi, pa kompyuta yomweyo. Ndi yaulere, imatsegula HEIC ndi WebP, ndipo ndimangoigwiritsa ntchito ngati chipata: chithunzi chimalowa mmenemo, n'kutuluka chili TIFF kapena PNG, kenako ndiye chimapita ku Photoshop. Makasitomala amene amabwerabwera ndinawasinthira ndekha pa iPhone zawo, pa Settings, Camera, Formats, n'kusankha Most Compatible, kuti foni izisunga JPEG. Koma chodabwitsa n'chakuti vutoli ndinalikulitsa ndi langizo labwino. WhatsApp imafinya chithunzi chikatumizidwa mwachizolowezi, moti pa positala ya A3 nkhope imaoneka ngati yamadontho. Ndiye ndimawauza anthu kuti atumize ngati Document. Akatero chithunzi chimafika chathunthu, inde, koma ngati chachokera pa iPhone chimafika chili HEIC. Palibe kuthawa, GIMP iyenera kukhalapo basi.

Ojambula zithunzi pa maukwati amabweretsa lawo vuto. Camera Raw, imene imatsegula mafayilo a RAW (zithunzi zosakonzedwa zochokera mu kamera), yomaliza kugwira pa CS6 ndi 9.1.1 ya mu 2015, choncho pafupifupi kamera iliyonse imene inatuluka pambuyo pake, mafayilo ake a RAW satseguka. Adobe DNG Converter ndi yaulere ndipo imawasandutsa DNG, amene CS6 imawerenga bwinobwino. Zimatheka, kungoti fayilo iliyonse imakhala iwiri, ndipo zithunzi za ukwati umodzi zimadya malo ambiri pa disiki. Mafayilo a InDesign yatsopano nawonso satseguka. Pamenepo ndimangopempha mwini wake kuti anditumizire IDML, mtundu wa fayilo umene InDesign yakale imatsegulanso, ndipo amene amadziwa ntchito sadabwa.

Za ma font ndinaziphunzira pang'onopang'ono. Mukatenga font ku Google Fonts masiku ano, zambiri zimabwera zili variable, kutanthauza fayilo imodzi yosunga makulidwe onse a zilembo. CS6 inapangidwa zimenezi zisanabwere, ndiye imangoona kulemera kumodzi kapena kusokoneza mayina. M'kati mwa zip yomweyo mumakhala foda yolembedwa static. Ikani zimene zili mmenemo, vuto latha. Kumbali ina, pulogalamu yakale ili ndi mwayi wake. Mu Januwale 2023 Adobe inasiya kuwerenga ma font akale a Type 1 m'mapulogalamu ake atsopano, pomwe CS6 imawawerengabe. Mnzanga wina anabwera ndi kabuku ka nyimbo za mpingo wawo kamene kanakonzedwa kalekale ndi ma font amenewa, ndipo kanatsegukira kwa ine.

Palinso chilembo cha ŵ. Akuluakulu ena, makamaka a kumpingo, salola kuti Malaŵi kapena dzina lawo lilembedwe popanda kachipewa kaja. Ma font ambiri okongola a pa makhadi a ukwati alibe chilembochi, moti umangoona kabokosi kapena font ina italowerera pakati pa dzina. InDesign ndi Illustrator zili ndi Glyphs, ndandanda wa zilembo zonse za font, pomwe mumaona ngati chilipo. Photoshop CS6 ilibe, ndiye ndimatsegula Character Map ya Windows n'kukopera kumeneko. Tsopano ndisanamuonetse kasitomala font, ndimayamba ndaona ngati ŵ alimo.

Magetsi ndiye mukuwadziwa. Chimene ndimaiyamikira Photoshop CS6 n'chakuti ndi yoyamba imene inayamba kusunga ntchito payokha kuti muipeze kompyuta ikazima mwadzidzidzi. Imabwera itaikidwa pa mphindi 10, ine ndinatsitsa kufika pa 5, pa Preferences, File Handling. InDesign nayonso imabweza pafupifupi chilichonse. Illustrator CS6 yokha ndiyo ilibe chifundo: chimene simunasunge chapita, ndipo dzanja langa linazolowera Ctrl ndi S chifukwa cha iyo.

Pali chinthu china chimene kuzima kwa magetsi kumasiya mwakachetechete. Photoshop ikamagwira ntchito imalemba mafayilo akuluakulu osakhalitsa, ndipo ikatsekedwa bwino imawafufuta. Ikazimira pakati, ena amatsala. Patapita miyezi ndinayamba kuona uthenga woti scratch disks are full pomwe sindinasunge chilichonse chachikulu. Polemba %temp% pa Run ndinapeza mafayilo oyamba ndi Photoshop Temp atadzaza disiki. Mukawafufuta Photoshop ili yotseka, malo amabwerera. Ndimayang'anako nthawi iliyonse magetsi akavuta kwambiri.

UPS, kabokosi kosunga magetsi, ndinagula yaing'ono, ya batire imodzi ya 12V 7Ah. Siyogwirira ntchito magetsi akapita, ndi yongokupatsani mpata wosunga ndi kuzimitsa bwino. Batire lake layamba kale kufooka, ndipo ndaona kuti kuligula lina n'kuikamo ndekha n'kotchipa kuposa kugula UPS ina. Hard disk imene inabwera ndi kompyutayi inayamba kulira ngati njenjete m'kati mwa dzinja, ndipo sindinadikire kuti ife. Ndinaika SSD, disiki yothamanga kwambiri. Pa ndalama zonse zimene ndaononga pa makinawa, imeneyi ndiyo yabweza zambiri, kuposa ngakhale kukweza RAM kuchoka pa 8 GB kufika pa 16 GB. Photoshop imatseguka musanakhale n'komwe bwino pa mpando.

Mu Okutobala fani inkasokosa kwambiri ndipo kompyuta inkachedwa masana. Ndinaitsegula, kupemerera fumbi, kusintha thermal paste, zinatha. Kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa motherboard nakonso kanatha, deti n'kumabwerera m'mbuyo nthawi iliyonse ndikachotsa pulagi. N'kotchipa, ndipo kamapezeka kwa okonza mawotchi.

Chiganizo chachikulu chinali cha Windows. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula amene analembetsa kuti azilandirabe zotchinjiriza kwa chaka china. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 komanso purosesa ya Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, choncho yangayi siyololedwa. Njira zoikakamiza zilipo ndipo anyamata ambiri okonza makompyuta amazidziwa, koma sindinafune kuika makina amene amandidyetsa pa chinthu chokakamiza. Ndinaichotsa pa intaneti. Waya ndinazula, ndipo tsopano imangogwira ntchito yojambula basi. WhatsApp, imelo ndi kutenga ma font ndimachitira pa laputopu ina, mafayilo n'kuwasamutsa pa fulashi imodzi imene sipita kwina kulikonse.

Mawu akuti imodzi ndawatsindika dala. Fulashi imene yalowa m'makompyuta a kumalo osindikizira ndi kujambulitsa mapepala kawirikawiri imabwera ndi vayirasi ija imene imasandutsa mafoda onse kukhala ma shortcut. Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yawo yafufutika, pomwe yangobisidwa. Musadine ma shortcutwo. Yambani mwachotsa vayirasiyo, kenako pa Command Prompt lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ngati fulashi yanu ndi E, mafoda amaonekeranso. Zopita kosindikiza ndimazitumiza zili PDF/X-1a, zokhala ndi bleed (malo owonjezera m'mphepete odzadulidwa) ya mamilimita 3, kudzera pa laputopu. Osindikiza safunsa kuti PDF yachokera ku pulogalamu ya chaka chiti.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwenikweni ndi activation. CS6 ikaikidwa kumene imayenera kutsimikiziridwa kwa Adobe, ndipo laisensi imalola makompyuta awiri. Ma seva otsimikizira CS2, CS3 ndi CS4 anazimitsidwa kale, moti amene ali ndi ma disiki enieni a zimenezo sangaziikenso. Sindikufuna tsiku lina kudzapezeka m'gulu limenelo motherboard ili bwinobwino. Choncho zonse zitakhala m'malo mwake, ndinakopera disiki yonse ndi pulogalamu ya Clonezilla n'kusunga pa hard disk ya panja. SSD ikafa, ndidzangobwezeretsa pa kompyuta yomweyo popanda kuikanso chilichonse. Ndipo amene mukufuna kusintha makina, kumbukirani kupita pa Help, Deactivate yakaleyo ikadali yamoyo.

Zimene ndimasowa zilipo, ndisaname. Kuchotsa munthu pa chithunzi n'kumuika kumbuyo kwina, mu Photoshop yatsopano ndi kudina kamodzi. Ine ndimazungulira ndi Pen tool, n'kukonza tsitsi ndi Refine Edge, ndipo pa chovala choyera cha mkwatibwi chokhala ndi neti pamapita nthawi. Pa nyengo ya maukwati nthawi imeneyo ndi ndalama. Komanso pa sikirini ya 4K zolemba za Photoshop CS6 zimachepa kwambiri. Windows ili ndi pokonzera, pa Properties, Compatibility, Change high DPI settings, koma zimaoneka zosawala bwino. Ine ndakhalabe pa 1920 x 1080 ndipo sindikuganiza zosintha.

Ngati muli ndi laisensi yeniyeni ya CS6 ndipo ntchito yanu ndi yosindikiza pa pepala, pitirizani nayo. Ngati mulibe, musagule ma key amene amatsatsidwa pa intaneti motchipa, popeza Adobe inasiya kale kuigulitsa. Zothyoledwa zimene amaikira anthu m'mashopu nazonso ndi zimene zimabweretsa mavayirasi ambiri amene ndimapeza m'makompyuta a anzanga. Zinthu zasinthanso kuchokera pomwe ndinalemba koyamba paja. GIMP 3.0 inatuluka mu Malichi 2025, Inkscape ndi Scribus, zogwira ntchito ngati Illustrator ndi InDesign, zilipo zaulere, ndipo Affinity, pulogalamu yopikisana ndi za Adobe imene kampani ya Canva inagula mu 2024, inakhala yaulere kumapeto kwa Okutobala 2025, bola mukhale ndi akaunti ya Canva. Affinity imatsegula PSD ndi IDML, ndiye ndayamba kuiyesa pa laputopu ndi makhadi ang'onoang'ono. Ntchito zakale za InDesign, kuyambira makalendala ndi timabuku ta mipingo timene timabweranso chaka ndi chaka, ndikuzisunganso zili IDML ndi PDF pamodzi ndi ma font ake, foda imodzi Loweruka lililonse.