Atenolol ndi ivabradine pochepetsa liwiro la mtima

Amayi ambiri a ku Matero ndi ku Chawama omwe amamwa mankhwala a BP amaidziwa atenolol, koma ivabradine ndi yachilendo kwa ambiri. Onse awiri amachepetsa kugunda kwa mtima, koma amagwira malo osiyana.

Kumtunda kwa chipinda chakumanja cha mtima kuli kagulu ka maselo koyambitsa kugunda, ka 60 mpaka 100 pa mphindi munthu akakhala phee. Ukachita mantha, adrenaline (homoni yomwe thupi limatulutsa pa ngozi) amakhudza maselowa, cAMP (kachinthu kotenga uthengawo) imachuluka mkati mwake, ndipo timakomo ta pa maselowa totchedwa HCN4 timatseguka msanga. Mtima umathamanga.

Atenolol amatsekereza uthenga wa adrenaline usanalowe. Motero amatsitsanso BP ndi mphamvu yomwe mtima umapopera magazi, ndipo wodwala mphumu ayenera kusamala nawo. Ivabradine amatsekereza timakomoto mwachindunji, BP osaikhudza. Koma sathandiza ngati mtima ukugunda mosokonekera ndi matenda otchedwa atrial fibrillation, ndipo ena amaona kuwala kothwanima m'maso, poti timakomo tofanana tilinso m'diso.

Kwa munthu wa BP yokwera, ine ndimaona atenolol kukhala yoyenera, komanso ndi yotchipa. Ivabradine ndi ya amene ali ndi mtima wofooka kapena kupweteka pachifuwa kochokera ku mtima, pomwe mtimawo ukuthamangabe, ndipo wosankha akhale dokotala atamuyeza kagundidwe ka mtima ndi makina a ECG.